Za Kuiwala kwa Okalamba ndi Zochitika mu Ubongo

Maselo a mitsempha ya mu ubongo sakhudzana ayi. Pakati pa selo ndi linzake pali kampata kakang'ono ndithu. Selo lotumiza uthenga limatulutsa mankhwala otchedwa glutamate, amene amaoloka kampatako nakakhala pa zolandirira za selo linalo. Pamene mwana abwereza phunziro m'kalasi, selo lolandira limaonjezera zolandirira zake pamalo pomwepo, ndipo njira ya uthengawo imalimba. Kukumbukira kumayambira pamenepo.

M'chaka cha 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza za mayi wina amene anamwalira m'chipatala cha ku Frankfurt nzeru zitamuthera. Popima ubongo wake anapeza zibuma zolimba pakati pa maselo. Mu 1984 George Glenner ndi Caine Wong anazindikira puloteni yopanga zibumazo, imene lero itchedwa amyloid beta.

Kwa zaka zambiri akatswiri anaimba mlandu zibumazo. Koma okalamba ena amamwalira nzeru zili bwinobwino, chonsecho ubongo wawo uli ndi zibuma zochuluka. Tsono maso anatembenukira ku timibulu ting'onoting'ono ta amyloid toyandama tisanaume. Mu 2009 gulu la Stephen Strittmatter ku Yale linaonetsa kuti timibuluti timamatirira pa puloteni ina ya pakhungu la selo, yotchedwa prion. Tikachuluka pa kampata, zolandirira za glutamate zimasokonezeka, zina zimakokedwera m'kati mwa selo, ndipo njira ija imafota selo likadali lamoyo.

Mbali imene imayamba kuvulala ndi hippocampus pamodzi ndi malo oizungulira, kumene zinthu zatsopano zimayamba kusungidwa. N'chifukwa chake agogo angathe kuimba nyimbo ya paubwana wawo osaphonya liwu, koma n'kufunsa katatu ngati adya nsima. Nkhalamba zotere zikasochera usiku, m'midzi ina zimanenedwa ufiti. Mphunzitsi wodziwa zimenezi angathe kuziteteza.

Komabe amyloid sayenda yekha, pakuti puloteni ina, tau, imapotana m'kati mwa maselo nkuwapha. Mankhwala a lecanemab, amene anavomerezedwa ku America mu 2023, amachotsadi amyloid, koma amangochedwetsa matendawa pang'ono, ndipo mwa odwala ena amatupitsa ubongo. Zimene zaiwalika kale sazibweza.