Ana a bere limodzi, koma pa sikelo asiyana

Kuno ku Angónia timatchuka ndi ulimi. Magalimoto amanyamuka ku Ulongwe ndi ku Domwe atadzaza kachewere, nyemba, kabichi ndi chimanga, ndipo anzathu a ku Tete amati dera lathu ndi nkhokwe ya chigawo chonse. Koma mukapita ku chipatala tsiku la sikelo, kaya pa Lifidzi pompano kaya kwina, mudzaona zina. Mayi mmodzi wabwera ndi ana awiri, onse a bere limodzi, odya za mumphika umodzi. Wina sikelo yake ikukwera bwinobwino, pomwe mnzakeyo yaima miyezi itatu. Mayiyo akafunsidwa amayankha moona mtima kuti, "Onsewa ndimawapatsa chimodzimodzi." Nthawi zambiri vuto limagona pa chimodzimodzi pomwepo.

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2011 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu muno m'Mozambique, 43 adali opinimbira, kutanthauza kuti msinkhu wawo sukugwirizana ndi zaka zawo. Kafukufuku wa 2022 mpaka 2023 adapeza 37. Kutsidya ku Malawi, wa 2015 mpaka 2016 adapezanso 37. Ana amenewa sachokera m'mabanja opanda nkhokwe okha ayi. Ena kwawo chimanga chimafika mpaka china.

Mbale imodzi ili ndi mwini wake

Mwambo wathu ndi wakuti ana amadyera pamodzi. Nsima pakati, kambale ka ndiwo pambali, onse azungulira. Mwambowu uli ndi ubwino wake, umaphunzitsa ana kugawana. Koma taganizani mwana wa chaka ndi theka atakhala pa mbale imodzi ndi achimwene ake a zaka zisanu ndi zitatu, obwera kusukulu kapena koweta mbuzi ndi njala yadzaoneni. Wamkuluyo manja ake adazolowera nsima ya moto, amatema mbamu zazikulu, ndipo nyemba kapena usipa amayamba watola. Wamng'onoyo akudikira kuti nsima izizire, akuseweretsa mbamu imodzi, akuyang'ana nkhuku zikudutsa. Pomwe azidzati adye, m'mbale mwatsala msuzi wokha. Mayi ali kukhitchini kapena akuperekera chakudya cha abambo, ndipo akaona mbale zayera amati ana onse akhuta.

Kamimba ka mwana wa chaka chimodzi kamadzadza ndi kapu imodzi yokha ya tiyi. Sangadye zambiri nthawi imodzi ngati akulu ake, koma thupi ndi bongo wake zikukula mofulumira kuposa za wina aliyense panyumbapo. N'chifukwa chake a zaumoyo amati mwana ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Kuyambira miyezi 6 mpaka 8 azidya kawiri kapena katatu pa tsiku kuonjezera pa bere, ndipo kuyambira miyezi 9 mpaka zaka ziwiri azidya katatu kapena kanayi, kuphatikizapo tina totolatola monga nthochi, peyala kapena mbatata yophika. Banja lambiri kuno limadya kawiri, masana ndi madzulo, ndipo nyengo ya kupalira ena amadya kamodzi. Mwana wa zaka khumi angapirire. Wa miyezi khumi ndi inayi sangapirire.

Choyamba kuchita sichifuna ndalama. Mwana wamng'ono akhale ndi kambale kakekake, ndipo munthu wamkulu akhale naye pansi mpaka amalize. Mukatero mudzadziwa kuti lero wadya theka, dzulo adamaliza. Kumusiyira kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kuti kamudyetse phala inu muli kudimba ndi kumuika pa mayeso mlezi wakeyo, poti nayenso ndi mwana ndipo ali ndi njala. Musadzamukalipire supuni zina zikalowa pakamwa pake.

Wotsatana naye akabwera msanga

Makolo athu adalidziwa kalekale vuto la mwana amene mayi ake aima iye akadayamwa. Amati mwana watumbizidwa. Amalira kosalekeza, tsitsi limafiira ndi kuthothoka, mapazi ndi masaya zimatupa. Ena akaona kutupako amathamangira kunena kuti ndi tsempho, nayamba kufunsana kuti walakwa ndani panyumbapo.

Chodabwitsa n'chakuti anthu a ku Ghana, kutali kwambiri ndi kuno, adaonanso zomwezi. Dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, yemwe ankagwira ntchito kumeneko, adalemba za matendawa mu 1935 ndi dzina lomwe adalimva kwa anthu a mtundu wa Ga, loti kwashiorkor. Tanthauzo lake ndi matenda a mwana wochotsedwa pa bere chifukwa kwabwera wina. Dzinali ndi lomwe madokotala pa dziko lonse akugwiritsa ntchito mpaka lero. Agogo athu tsono sadaone molakwa kuti matendawa amatsata mimba yatsopano. Pomwe tiyenera kukonza ndi pa chifukwa chake. Mkaka wa mayi woyembekezera suola ndipo si poizoni. Chomwe chimamudwalitsa mwanayo ndi kumulanda bere mwadzidzidzi, nthawi zina n'kumutumiza kwa agogo ake komwe azikadya phala la ufa woyera lothira mchere wokha. Mayi amene mimba yake ilibe vuto atha kupitiriza kuyamwitsa, bola iye mwini azidya moonjezera ndipo akambirane ndi anamwino kusikelo ya amayi oyembekezera. Khanda likabadwa, liziyamba ndilo kuyamwa. Koma maso a banja lonse asathere pa khandalo, chifukwa amene ali pa ngozi yaikulu ndi uja wangotsika kumsanayu.

Za miyambo ya m'banja ine sindingaweruze, ndine mwana. Chomwe ndingapemphe ndi chakuti ngati akuluakulu akufuna kukambirana za tsempho, akambirane mwana ali kale ku chipatala.

Chiponde cha ku chipatala ndi cha mmodzi

Apa ndi pomwe mitima ya amayi imavutikira kwambiri. Mwana akapezeka kuti wanyentchera kwambiri, a chipatala amapereka timapaketi tomwe kuno amalemba kuti ATPU, ena amati Plumpy'Nut, koma tonse m'malire muno timangoti chiponde. Chidapangidwa koyamba ku France mu 1996 ndi dokotala André Briend pamodzi ndi Michel Lescanne. Dziko la Malawi ndi limodzi mwa maiko omwe adachiyesa koyambirira, ku Blantyre ndi ku Dowa kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, ndipo mu 2007 mabungwe a WHO, UNICEF ndi WFP adavomereza kuti ana ambiri onyentchera azichiritsidwa ali kunyumba ndi chakudya chimenechi. Kale mayi ankagona m'chipatala milungu ingapo, munda ndi ana ena atawasiya okha.

Paketi imodzi imalemera magalamu 92. Muli mtedza, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere yofunika m'thupi, zonse zoyezedwa. Anamwino amawerengera mapaketi molingana ndi kulemera kwa mwana wodwalayo, ndipo kawirikawiri mwana mmodzi amafuna mapaketi pafupifupi 150 pa milungu isanu ndi umodzi mpaka isanu ndi itatu kuti achire. Mulibe gawo la mchimwene kapena mchemwali m'chiwerengero chimenechi.

Koma chiponde n'chokoma. Wodwala akamanyambita, enawo aima pafupi maso ali tong'o, wina wayamba kale kulira. Ndi mayi uti amene mtima sungamupweteke? Kugawako sikuchokera ku umbuli, n'chifundo. Komabe tiyeni tiwerenge. Tinene kuti mwana amulembera mapaketi atatu pa tsiku, ndipo ali ndi abale awiri. Aliyense akalandira imodzi, wodwalayo akumwa gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mankhwala ake. Pobwerera ku chipatala sikelo ili pomwe idali, anamwino akudabwa, mayi ali zyoli. Awiri enawo sadapindulenso chilichonse chooneka, poti matupi awo sankasowa zimenezo. A UNICEF amati mwana woonda kwambiri akagwidwa ndi matenda wamba ngati chibayo, ngozi yoti amwalire imatha kuchuluka ka 11 kuposa ya mwana wathanzi. Palibe kholo lomwe lingagawe mapiritsi a malungo kwa ana onse pofuna kuti wina asadandaule.

Ndikuona ngati dzina lenilenilo limatisokoneza, chifukwa chiponde timachidziwa kale, chija amasinja amayi mumtondo. Tsono bwanji osagwiritsa ntchito dzina lomwelo? Kazingani mtedza wabwino, sinjani ndi kamchere, ndipo nthawi yomwe wodwala akudya chake, enawo alandire chawo chopaka pa mbatata kapena pa nthochi. Ana a zaka zinayi kupita m'tsogolo amamva mukawauza kuti, "Ichi ndi mankhwala a mng'ono wanu, chanu ndi ichi." Mapaketiwo asungidwe pomwe mumasunga mankhwala, osati pa dengu la ufa. Abambo, inunso musalawe. Ndipo amene amagula kapena kugulitsa mapaketiwa pa misika ya m'malire adziwe kuti paketi iliyonse ili ndi mwana yemwe idalembedwera.

Pomudyetsa, musambitseni m'manja, ayambe wayamwa ngati akadali pa bere, adye pang'onopang'ono kuchokera m'paketi momwemo, ndipo mumupatse madzi abwino akumwa chifukwa chimaumitsa kukhosi. Musachisungunule m'madzi. Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi silipatsidwa chiponde.

Nanga wonenepayo?

Timakonda mwana wojintcha, timati akudya bwino. Nthawi zambiri ndi zoona. Koma pali zinthu ziwiri zoti tisamale. China ndi chakuti kutupa kumanamiza. Mwana wa masaya aakulu ndi mapazi onenepa atha kukhala wodwala kuposa woonda uja, ndipo sikelo imatha kukwera chifukwa cha madzi m'thupi. Dinikizani chala chachikulu pamwamba pa mapazi ake onse awiri, muwerenge mpaka katatu, kenaka muchotse. Pakatsala kadzenje, nyamukani tsiku lomwelo.

China ndi chakuti masiku ano ngakhale kumudzi kwayamba kupezeka ana olemera mopitirira, makamaka fodya kapena kachewere zikagulidwa ndipo tindalama tayamba kuoneka. Mandasi, tchipisi, masikono, zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, tonseti mwana amatha kukhuta nato n'kukana nyemba. Mwana wotere musamumane chakudya kapena kumupatsa mbale yaing'ono pamaso pa anzake, ndipo musamutche maina. Akukula, thupi lake likufunabe ndiwo zabwino. Chepetsani zotsekemera ndi zokazinga kwa ana onse pamodzi, osati kwa iye yekha. Woondayo naye zakumwa za m'mabotolo sizimunenepetsa, zimangomutseka njala.

Mphika ndi umodzi womwewo

Palibe mayi wa kumudzi amene ali ndi nkhuni ndi nthawi yophikira mwana aliyense mphika wake, ndipo sizofunika kutero. Phikani phala limodzi la mgaiwa. Ufa woyera ndi wokoma pa nsima, koma zambiri zabwino zidapita ndi madeya. Ngati muli ndi soya, mukazingeni kaye kenaka mugayitse makapu anayi a chimanga ndi kapu imodzi ya soya, mofanana ndi Likuni Phala ya ku Malawi. Phala likapsa, patulani la wamng'ono kapena woonda m'kambale kake ndipo muonjezeremo supuni ya nsinjiro, kasupuni ka mafuta ophikira, dzira, ufa wa usipa kapena masamba osinja monga nkhwani, bonongwe ndi chisoso. Likhale lolimba loti silikuyenderera pa supuni. Phala lamadzimadzi limadzadza mimba ndi madzi. Mtedza wa chuku ndi wofota tayani, musati poti ndi wa nsinjiro palibe kanthu, chifukwa chukucho chimaononga chiwindi.

Mazira ambiri timagulitsa kuti tigule mchere ndi sopo, ndipo ena amati mwana akadya dzira amadwala linjirinjiri. Dzira lophika bwino silidwalitsa mwana. Likapezeka limodzi lokha panyumba, lipite kwa amene ali pakati pa miyezi 6 ndi zaka ziwiri. Mbatata yofiira m'kati, yomwe katswiri Maria Andrade adaigwirira ntchito zaka zambiri muno m'Mozambique mpaka kulandira mphoto ya World Food Prize mu 2016, ili ndi vitamini A wambiri ndipo ana onse amaikonda. Musaiwale mtsikana amene watha msinkhu. Kawirikawiri ndiye amaphika, n'kudya pomaliza, chonsecho thupi lake likufuna nyemba, masamba obiriwira ndi nsomba kuti magazi asachepe.

Mwana akamadya bwino m'kambale kake koma sikelo osakwera, pali china chikumudya. Zitha kukhala njoka za m'mimba, kutsegula m'mimba pafupipafupi, malungo, chifuwa chachikulu kapena kachilombo ka HIV. Zonsezi chithandizo chake chilipo. Pitirizani kupita naye kusikelo ngakhale katemera adatha, kuti azilandira vitamini A ndi mankhwala a njoka miyezi isanu ndi umodzi iliyonse mpaka akwanitse zaka zisanu. Ambiri timasiya kumutenga wamkuluyo khanda likangobadwa, poti kubereka awiri ulendo wautali n'kovuta. Apa ndi pomwe abambo ndi njinga yawo akufunika.

Kusikelo kapena kwa a APE a m'mudzi mwanu, pemphani kuti mwana aliyense wa miyezi 6 mpaka zaka zisanu amuyeze mkono ndi kalamba kaja ka mitundu itatu. Kobiriwira ali bwino. Kachikasu, pakati pa masentimita 11.5 ndi 12.5, wayamba kunyentchera. Kofiira, pansi pa 11.5, akufunika chithandizo msanga. Enafe timapita ku zipatala za mbali zonse ziwiri za malire, kutengera komwe kwayandikira. Kulikonse mungapite nyamulani khadi la mwanayo, kuti anamwino aone momwe sikelo yakhala ikuyendera. Mwana amene watupa, akukana ngakhale chiponde, akusanza chilichonse, akupuma mobanika kapena wangoti lefuu, musadikire tsiku la sikelo. Ameneyo ngofunika kugonekedwa kuti ayambe ndi mkaka wapadera wa F-75, ndipo a chipatala chaching'ono akati mupite ku chipatala chachikulu ku Ulongwe, konzekani ulendo tsiku lomwelo.