Ulendo wa Galimoto ya Chipatala

Zipatala zambiri za kumidzi zili ndi galimoto za mtundu wa Land Cruiser. Galimotozi zimakoka ndi mawiro onse anayi, kotero kuti zimadutsa m'matope ndi m'misewu yamiyala kukatenga odwala ngakhale m'dzinja. Koma kwawo nkutali, pakuti zimapangidwa ku Japan.

Pofuna kuoloka nyanja, galimoto yotere imakwezedwa m'sitima ya pamadzi. Padoko antchito amailowetsa m'bokosi lalikulu lachitsulo lotchedwa kontena, lotalika mamita 6. Asanatseke chitseko amachepetsa mafuta m'thanki ndi kumasula mawaya a batire poopa moto. Kenaka amatchinga mawiro ndi zipika namanga galimotoyo ndi malamba olimba. Ntchito imeneyi siifuna chibwana. Mafunde akakula sitima imapendekera uku ndi uku, ndipo galimoto yomangidwa mwaulesi imagunda makoma a bokosilo mpaka kuswa magalasi.

Patapita milungu ingapo sitimayo imakocheza ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania. Popeza dziko la Malawi silikhudza nyanja yamchere, ulendo umapitirira pamtunda. Bokosi lija amalikweza palole yaitali, imene imadzera ku Mbeya kufikira pachipata cha Songwe m'boma la Karonga. Pamenepo anthu oona za msonkho amatsegula bokosilo ndi kuyerekeza nambala yodindidwa pagalimoto ndi yolembedwa pamapepala. Nambalazo zikasiyana, galimoto imakhala pomwepo, odwala akuiyembekeza kumudzi.