Lamya yakale ingathe kugwiranso nchito, ngakhale kulankhula Cinyanja

CHONGWE – M'dera la Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo II, monganso m'madera ena a dziko lino, nyumba zambiri ziri ndi lamya yakale imene inaikidwa m'kabati cifukwa inayamba kucedwa, kapena cifukwa kampani imene inaipanga inaleka kuitumizira zokonza. Zina mwa lamya zotere zingathe kutsitsimuka, ndipo munthu wamba ali ndi mbali pa nchitoyi.

M'lamya iriyonse muli pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse. Yodziwika kwambiri ndi Android, imene inatuluka mu 2008. Maziko ake ndi otseguka, kutanthauza kuti aliyense ndi wololedwa kuona m'mene inalembedwera, kuisintha ndi kugawira ena. Pa maziko amenewa anthu odzipereka anayambitsa LineageOS kumapeto kwa 2016. Palinso Ubuntu Touch, imene kampani ya Canonical inaisiya mu 2017 koma gulu la UBports linaipitiriza. Dzina lakuti Ubuntu ndi umunthu womwe uja timaudziwa. M'caka comweco munabadwa postmarketOS, imene colinga cake ndi cakuti lamya izikhala zaka khumi isanatayidwe.

Ambiri amaganiza kuti wothandiza ayenera kukhala katswiri wa makompyuta. Si tero ayi. Khomo lapafupi kwa ife ndi kumasulira mau amene amaoneka pa lamya. LineageOS imasonkhanitsa zomasulira kudzera pa Crowdin, pamene UBports imagwiritsa nchito Weblate, ndipo munthu angayambe ndi mau ocepa cabe patsiku.

Nchitoyi imaoneka yopepuka koma imafuna nzeru. Kodi moto ukacepa m'batire, lamya inene kuti "watha" monga m'mabuku, kapena "wasila" monga pa msika wa Chongwe? Mau osankhidwa bwino ndi amene agogo angamve popanda kuitana mdzukulu. Aphunzitsi ndi ophunzira a pa Chalimbana University, amene amaphunzira zinenero zathu, ndi oyenera kutsogolera. Cisoli, cinenero ca eni dera lino, cikusowa omasulira koposa Cinyanja.

Njira yaciwiri ndi kuyesa pulogalamuyo ndi kudziwitsa opanga ake za zolakwika. Kungonena kuti "sigwira" sikuthandiza. Lembani mtundu wa lamya, nambala ya pulogalamu, zimene munacita vuto lisanabuke, ndiponso ngati munali pa MTN, Airtel kapena Zamtel. Wolemba pulogalamu ali ku Germany sangadziwe m'mene lamya imacitira kumudzi kumene netiweki imabwera ndi kupita.

Koma cenjerani. Kuika pulogalamu yatsopano kumafafaniza zithunzi, manambala ndi mauthenga onse, ndipo mapulogalamu ena a mabanki amakana kugwira nchito pambuyo pake. Musayesere pa lamya imene mumalandirira ndalama za cimanga. Dziwaninso kuti si lamya iriyonse imalola. Pa mndandanda wa LineageOS pamapezeka mitundu ina ya Samsung, Xiaomi, Motorola ndi Google Pixel, koma Tecno ndi itel, zimene ndi zofala kuno, n'zovuta kuzipeza pamenepo.

Acinyamata ofuna kufika polemba pulogalamu yeniyeniyo angayambire pa BongoHive mu Lusaka, malo amene akhala akusonkhanitsa okonda luso la makompyuta kuyambira 2011.