Madzi a Kamwana, Gawo 4: Mlendo wa ku Mkushi

Mwabweranso eti? Ndimadziwa kuti simungapirire. Inu a ku Limphasa, siyirani ana ntchito yopirikitsa mbalame mumpunga, khalani pansi, chifukwa lero nkhani yathu ikudumpha malire.

Sabata yatha tinasiya Elliot Kamwana, mlaliki wa mpingo wa Chitawala wochokera ku Chifira kufupi ndi Bandawe, ali m'manja mwa boma la atsamunda mu 1909. Mlandu wake mukuukumbukira. M'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000 kuno kwa Atonga, pamene kumishoni munthu ankakhala zaka m'kalasi kudikira ubatizo. Ankalalikiranso kuti mu 1914 Ufumu ufika ndipo msonkho utha.

"Ndiye Chitawala chinathera pompo?" mwatero ena.

Chithere kuti!

Munthu anamuchotsa, koma uthenga unanyamulidwa ndi anyamata opita kumigodi, mpaka ku Northern Rhodesia. Kumeneko, ku Broken Hill, komwe lero timati Kabwe, unakumana ndi mwana wina wa kumpoto kwa Nyasaland, wophunzira ku Livingstonia. Dzina lake Tomo Nyirenda.

Lisungeni dzina limeneli.

Mu 1925 Nyirenda anabatizidwa, nayenso n'kuyamba kubatiza pakati pa Alala m'dera la Mkushi. Boma linamutsekera kanthawi kochepa. Anatuluka ali munthu wina. Anthu anayamba kumutcha Mwana Lesa, Mwana wa Mulungu, ndipo mbiri inathamanga m'midzi kuti madzi ake amaona zobisika mumtima.

Taonani mmene zinkakhalira. Mudzi wonse pamtsinje, anthu pamzere, aliyense kudikira nthawi yake. Nyirenda ali m'madzi, amagwira munthu n'kumumiza. Ukamira thupi lonse, wayera, kwera kumtunda. Koma mbali ina ya thupi ikatsalira pamwamba, basi, ndiwe mfiti. Tsono munthu wamantha, amene sanazolowere kumira, sauma thupi pomumiza? Ndani ankamufunsa zimenezo?

Apa mtima umandiwawa, abale. Kamwana wathu sanaphe munthu. Madzi ake anali khomo lotsegukira osauka amene mishoni inkawachedwetsa panja. Ndipo pamene izi zinkachitika ku Mkushi, iye anali kutali, kuzilumba za pakati pa nyanja yamchere, kumene atsamunda anamusunga mpaka 1937. Ubatizo womwewo, m'manja ena, unasanduka bwalo la milandu lopanda mboni.

"Nanga ogwidwawo ankawatani?"

Dekhani. Poyamba kunali kungowaloza chala. Munthu ankabwerera kumudzi ndi manyazi, anzake akumuthawa, koma ali moyo.

Kenaka mbiri ija inafika m'makutu mwa mfumu ina ya Alala, dzina lake Shaiwila. Mfumuyi inali ndi anthu ake amene inkawakayikira, ndipo kuloza chala kokha sikunaikwanire. Inaitanitsa Mwana Lesa.

Ndikunong'onezeni pang'ono, poti ndinu anthu anga. Kutsogoloku kuli ulendo wa ku Katanga, m'dziko la Congo ya Abelijiyamu. Kuli chingwe cha mu 1926, chimene sichinadikire munthu mmodzi yekha. Kulinso nkhani ya manja a Nyirenda, manja omwe aja omiza anthu, imene mukaimva mudzagwira pakamwa.

Koma zonsezo zikuyambira pa zimene Shaiwila anapempha, ndi yankho limene Nyirenda anapereka.

Anavomera kapena anakana?

Musaphonye sabata yamawa.