Chikope chikamanjenjemera, musathamangire kuganiza za maliro

Mwezi wa June chaka chatha, chikope chakumunsi cha diso langa lakumanzere chinayamba kunjenjemera chokha. Nthawi imeneyo mayi anga ankadwala kwathu ku Dedza, ndipo tonse tikudziwa zimene tinkauzidwa tili ana: chikope chakumunsi chikavina ndiye kuti ulira. Foni ikalira usiku, mtima unkangoti myuu.

Patatha milungu iwiri ndinapita kuchipatala. Namwino sanandipatse mankhwala. Anangondifunsa kuti ndimagona maola angati komanso ndimamwa chiyani kuntchito. Ndinkagwira ntchito yaulonda usiku, masana n'kugona maola anayi okha, ndipo usiku uliwonse ndinkamwa zitini zitatu za zakumwa zopatsa mphamvu. Nditasintha zimenezi, chikope chinakhazikika. Mayi nawo anachira. Ndalemba izi chifukwa ambiri muno mwandifunsa za vuto lomweli.

Chimayambitsa n'chiyani?

Mnofu uliwonse umayenda ukalandira uthenga kuchokera ku mitsempha. Thupi likatopa, timitsempha tina timatumiza uthenga popanda chifukwa, ndipo kachigawo ka mnofu kamagwedezeka kokha. Zimachitika kwambiri pachikope, pakatumba, pamkono ndi pachala chachikulu. Madokotala amatchula kunjenjemera kwa chikope kuti myokymia, ndipo nthawi zambiri kumatha kokha pakapita masiku kapena milungu yochepa.

Zoyambitsa zake timakhala nazo tsiku ndi tsiku: kusagona mokwanira, nkhawa ya mapepala, lendi ndi achibale kumudzi, khofi ndi tiyi wambiri, mowa, fodya, ndiponso kuyang'ana pafoni nthawi yaitali. Nyengo yozizira ya Johannesburg imakhala youma ndi yafumbi, ndiye maso amauma n'kumanyerenyetsa. Amene amanyamula katundu wolemera, kutuluka thukuta kwambiri, kapena kutsekula m'mimba amataya madzi ndi mchere wa m'thupi monga potassium ndi magnesium, ndipo minofu imagwedezeka kapena kukokana. Mankhwala ena, monga opopera a mphumu a salbutamol ndi mapiritsi okodzetsa a BP, amachititsanso zimenezi. Musawasiye nokha, kafotokozeni kuchipatala.

Tingapewe bwanji?

Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7. Ngati mumagwira ntchito usiku, phimbani zenera ndi bulangete masana ndipo pemphani anzanu a m'chipinda kuti achepetse phokoso. Kafeini asapitirire mamiligalamu 400 patsiku, omwe ndi makapu pafupifupi anayi a khofi. Kachitini ka Red Bull ka 250 ml kali ndi mamiligalamu 80. Imwani madzi pafupipafupi, ngakhale kukuzizira. Idyani nyemba, mtedza, nthochi ndi ndiwo zamasamba. Sipinachi wa pamsika amagwira ntchito ngati bonongwe wakwathu. Mukakhala pafoni, pumitsani maso mphindi 20 zilizonse poyang'ana chinthu chakutali kwa masekondi 20.

Chikope chikayamba, nyowetsani kansalu koyera m'madzi ofunda, muike padiso lotsinzina kwa mphindi zisanu. Maso akauma, kufamase kuli mankhwala odonthezera onyowetsa maso. Chonde musadonthezere m'diso mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga kapena zitsamba. Zimenezi zingaononge diso lomwe linalibe vuto.

Nthawi yopita kuchipatala

Pitani kuchipatala ngati kunjenjemera kwapitirira milungu iwiri kapena itatu, ngati diso likutsekeka lokha, ngati kwafalikira kutsaya ndi kukamwa, kapena ngati diso lafiira, latupa, likutuluka mafinya. Pitaninso ngati mnofu umene ukugwedezekawo ukufooka kapena kuonda, moti simutha kugwira kapu bwinobwino. Pafupi ndi ife pali Hillbrow Community Health Centre, ndipo pa University of Johannesburg pano pa Doornfontein pali chipatala choyeza maso. Vuto likakhala lalikulu angakutumizeni ku St John Eye Hospital ku Soweto. Kwa amene diso limatsekeka lokha kapena mbali imodzi ya nkhope imakokana, pali jakisoni wa botulinum amene amafewetsa mnofuwo kwa miyezi pafupifupi itatu.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira kuti kuche. Kamwa likapotoka mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, mawu akamatuluka osamveka, imeneyo ingakhale sitiroko. Imbani 112 pafoni yam'manja kapena 10177 nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala osungunula magazi oundana amagwira ntchito m'maola anayi ndi theka oyambirira okha. Musaope za mapepala. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense sayenera kukanizidwa chithandizo chamwadzidzidzi.

Abale ndi alongo, sindikunyoza zimene makolo anatiphunzitsa. Koma nkhawa yodikira uthenga woipa imatilanda tulo, ndipo kusowa tuloko kumawonjezera kunjenjemera. Chikope chikavina, imbani foni kumudzi mumve mmene adzukira, kenako mugone. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chimakuvutani kuchipatala, tiuzeni ife ogwira ntchito mongodzipereka kuti tikuperekezeni.