MPHAMVU YA PIKAPU IMATHERA PA GIYABOKOSI

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, alimi ndi matenanti ambiri amadalira pikapu ya dizilo potutira mabelo ndi matumba. Kawirikawiri galimoto ikafera panjira, injini imakhala ili bwinobwino. Chimene chafa ndi kilatchi kapena giyabokosi. Fodya amene amayenera kufika ku okushoni ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma kapena Mzuzu amagona pamsewu, ndipo ndalama za mbewu zimathera kwa makaniko.

Mphamvu Ili ndi Malire

Injini ya dizilo imatulutsa mphamvu yaikulu yozunguza mawilo. Amakaniko amaitcha torque, ndipo amaiyeza mu Nm. Mphamvu yonseyi imadutsa mu kilatchi ndi giyabokosi isanafike kumawilo, ndipo giyabokosi iliyonse inapangidwa kuti isenze muyeso wake basi.

Opanga magalimoto amadziwa zimenezi. Mu 2020 kampani ya Toyota inakweza mphamvu ya Hilux ya injini ya malita 2.8 kufika pa 500 Nm m'magalimoto osintha okha magiya, koma m'magalimoto osintha magiya pamanja inaisiya pa 420 Nm. Ku America, mapikapu aakulu a Ram anasiya kutuluka ndi giya ya pamanja chitatha chaka cha 2018. Mu 2019 injini yawo ya Cummins inapyola 1,300 Nm, ndipo inamangidwa ku giyabokosi yosintha yokha ya Aisin. Choncho wina akakuuzani kuti angathe kuonjezera mphamvu ya injini yanu, mufunseni ngati giyabokosi nayonso aisintha.

Katundu Woyenera

Mapikapu ambiri amene tili nawo kuno amanyamula pafupifupi tani imodzi, ndipo kulemeraku kukuphatikizapo dalaivala ndi anthu okwera. Matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50 akwana kale tani. Mabelo 10 a makilogalamu 100 ndi chimodzimodzi. Ulendo wachiwiri umadya dizilo, koma mtengo wa dizilo sungafanane ndi wa giyabokosi.

Kayendetsedwe

Nyamukani ndi giya yoyamba nthawi zonse, chifukwa imachulukitsa mphamvu ya injini pafupifupi kanayi, ndipo kilatchi sivutika. Mukasintha giya chotsani phazi pa kilatchi. Kuimitsa galimoto pachitunda ndi kilatchi kumaiwotcha. Gwiritsani ntchito buleki ya pamanja.

Pokwera mapiri monga Chiweta kapena Khwekhwelere, lowani giya yotsika musanayambe chitunda, osadikira kuti injini iyambe kunjenjemera. M'magalimoto ambiri a magiya asanu, giya yachinayi imapititsa mphamvu molunjika, pamene yachisanu inapangidwira msewu wosalala. Mukasenza katundu wolemera kapena mukakoka ngolo, khalani m'giya yachinayi.

M'matope ndi mumchenga wa ku esiteti lowetsani L4, imene imachulukitsanso mphamvu kawiri kapena kuposerapo. Mukafika pa tala, bwezerani ku H2. Pikapu ngati Hilux ikayenda pa tala youma mawilo onse anayi akukoka, zitsulo zimakanganirana pokhota ndipo zimatha msanga.

Oyilo

Giyabokosi ili ndi oyilo wakewake. Thirani mtundu umene buku la galimoto lanena, ndipo musinthe pa nthawi yake. Mukawoloka mtsinje wodzaza, yang'anani oyiloyo: akaoneka ngati mkaka, ndiye kuti madzi alowa, ndipo ayenera kukhetsedwa msanga. M'galimoto yosintha yokha magiya, oyilo akada ndi kununkha zopserera, giyabokosi yakhala ikutentha.

Pogula kapena Pochita Hayala

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Musakopeke ndi penti. Yesani galimotoyo pachitunda ili ndi katundu. Injini ikamalira kwambiri liwiro osaonjezereka, kilatchi yatha. Giya ikamatuluka yokha kapena kukukuta polowa, giyabokosi yayamba kufa. Matenanti amene musonkherana kuti muchite hayala, werengani mabelo musanakweze, ndipo musalole kuti dalaivala aonjezere katundu wa ena panjira. Konzetsani galimoto mbewu zikadali m'chigafa, msika usanatsegulidwe.