KODI WOSADZIWA KUJAMBULA ANGAKONZE CHIKWANGWANI?

Pa tchuthi chapitachi nditafika kwathu ku Karonga, achinyamata a pa tchalitchi chathu anandipatsa ntchito. Ankakonza mpikisano wa makwaya wopezera ndalama zofolerera tchalitchi, ndipo pankafunika chikwangwani choitanira anthu. "Inu a ku seminale ndinu ophunzira, tikonzereni," iwo anatero. Ine ndinakana. Chibadwire sindinajambulepo ng'ombe yooneka ngati ng'ombe. Yanga imakhala ngati tebulo lomera nyanga. Tsono ntchitoyo tinaipereka kwa mnzathu wina wa dzanja laluso.

Iye anajambula mayi akuimba atakweza manja, kumbuyo kwake kuli nyanja ndi dzuwa likutuluka. Tonse tinaomba m'manja. Koma tsiku, nthawi ndi mtengo wolowera anazilemba m'munsi ndi tizilembo tofiira pa utoto wobiriwira. Anthu pamsika ankaima, nasirira mayiyo, napitirira. Tsiku litakwana mabenchi ambiri anali opanda anthu, ndipo ena anabwera mawa lake. Ndalama zimene tinapeza sizinakwane ngakhale malata khumi. Akuluakulu ananena zoona kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa: kodi kujambula ndi kukonza chikwangwani ndi luso limodzi? Ndapeza kuti ayi.

Ntchito yoyala mawu, zithunzi ndi mitundu papepala kuti uthenga umveke msanga imatchedwa graphic design pa Chingerezi. Timaiona pa chikuto cha buku, pa kalata yoitanira ku ukwati, pa zolemba za pa minibasi yopita ku Songwe, ngakhalenso pa thumba la mpunga wa Kilombero umene makolo athu amalima. Wojambula amafuna kuti tiyang'ane chithunzi chake. Wa graphic design amafuna kuti tidziwe kanthu: dzina la mpunga, kulemera kwake ndi kumene wachokera.

Taganizani za mbendera yathu ya pa 6 July 1964. Ili ndi mizere itatu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, ndi dzuwa lotuluka. Mwana wa Sitandade 5 amene ali ndi rula angathe kuilemba. Luso lake lagona pa kusankha mitundu ndi kuiika m'malo mwake. Mu 2010 boma litasintha dongosolo la mizereyo ndi kuikapo dzuwa loyera lathunthu, anthu ambiri anadandaula, mpaka mu 2012 mbendera yakale inabwerera. Palibe amene ankanena kuti dzuwa latsopanolo silinajambulidwe bwino. Mkangano unali pa tanthauzo.

Chitsanzo china ndi cha kwathu komwe. Bambo Nolence Mwangwego, mphunzitsi wa Chifalansa, anabadwira ku Mwinilunga m'dziko la Zambia mu 1951, koma kwawo ndi ku Karonga, m'dera la Kyungu. Atapita ku Paris mu 1977 anayamba kulingalira chifukwa chake zilankhulo zathu zilibe zilembo zakezake. Mu 1979 anayamba kupanga zilembo, ndipo anamaliza mu 1997. Zilembo zikuluzikulu zilipo 32 ndipo amazitcha misisi. Msisi uliwonse umawerengedwa ndi liwu la "a", ndipo ukawonjezerapo kachizindikiro kakang'ono liwulo limasanduka "e", "i", "o" kapena "u". Zaka 18 zonsezo sizinathere pa kujambula nkhope za anthu. Zinathera pa kuganiza: kodi chilembo ichi chikusiyana mokwanira ndi chinzake? Kodi dzanja la mwana lingachilembe mosavuta? Amenewa ndiwo mafunso a graphic design.

Ngakhale Baibulo lotchuka limene Johannes Gutenberg anasindikiza ku Mainz, m'dziko la Germany, cha m'ma 1455, likutiphunzitsa zomwezo. Gutenberg anali mmisiri wa zitsulo. Iye anasula zilembo ndi kuziyala m'madanga awiri, mizere 42 danga lililonse. Maluwa ndi zilembo zokongoletsa za m'mbali anazijambula pambuyo pake ndi anthu ena. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga wofuna ntchitoyi ayenera kudziwa chiyani?

Choyamba, adziwe chimene chili chachikulu mu uthenga wake. Pa chikwangwani chathu chija zazikulu zinali zitatu: chiyani, liti, kuti. Zimenezi zimafuna zilembo zazikulu kuposa zina zonse.

Chachiwiri, adziwe mitundu yogwirizana. Zakuda pa zoyera kapena pa zachikasu zimaoneka patali. Zofiira pa zobiriwira zimavutitsa maso, ndipo pali anthu ena, makamaka amuna, amene mwachibadwa sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi.

Chachitatu, asaope malo opanda kanthu. Pepala lodzaza lili ngati munda wa chimanga wosapatulira.

Chachinayi, adziwe owerenga ake. Kwathu gogo wobwera kumsika amamva Chinkhonde kapena Chitumbuka. Kumulembera Chingerezi ndi kumutsekera pakhomo.

Komabe ndisakunamizeni kuti pensulo ilibe ntchito. Musanayatse kompyuta ndi bwino kulemba timabokosi papepala: apa mutu, apa chithunzi, apa tsiku. Kumeneku ndi kuyesa maganizo chabe, ndipo aliyense angathe. Mapulogalamu monga CorelDRAW, Photoshop ndi Canva amawongola mizere ndi kupereka zilembo zamitundumitundu, koma sakuuzani chimene chiyenera kukhala pamwamba.

Palinso ntchito zina zimene sizitheka popanda wojambula weniweni. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, kuli chigoba cha Malawisaurus, chinyama chachikulu chimene mafupa ake anafukulidwa m'boma lomwelo. Palibe kamera imene inachiona chili moyo. Wofuna kusonyeza maonekedwe ake m'buku la ana ayenera kupeza munthu wodziwa kujambula. Chimodzimodzi zojambula ndi zosema za ku KuNgoni ku Mua, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976: zimenezo zimafuna dzanja lozolowera.

Tchuthi chisanathe tinakonzanso mpikisano wina. Ulendo uno tinagawana ntchito. Mnzanga uja anajambulanso mayi wake woimba, koma wocheperapo, pakona. Ine ndinatenga rula, ndinayeza pepala, ndi kulemba tsiku ndi malo ndi zilembo zakuda zotalika ngati chikhatho. Kenaka tinakhoma pamtengo, tinabwerera m'mbuyo mapazi makumi awiri, ndi kupempha mwana wodutsa kuti awerenge. Anawerenga osadodoma. Tsikulo mabenchi anachepa.

Choncho anzanga a pa seminale pano, mukapemphedwa kuthandiza pa magazini ino kapena pa bolodi la zidziwitso, musathawe ponena kuti simudziwa kujambula, monga ndinachitira ine. Mawa ena mwa ife tidzakhala m'maparishi kumene kalata ya zidziwitso ndi ndondomeko ya mwambo zidzadalira ife. Ndipo inu makolo, mwana wanu akamakonda kuyala bwino mitu m'kope lake, musamuone ngati wotaya nthawi. Mwina ntchito yake ndi yomweyo.